Madzi a khanda m'vazu ya asewere

Nkhondo itatha tinachoka kumene tinathawira nkubwerera kwathu ku Zóbuè, ana nkukula, ndipo mwana wanga wamkazi wachiwiri anakwatiwa ku Moatize ndi mwamuna wogwira ntchito ku mina, kumgodi wa malasha. Atachira mwana wake woyamba ndinakwera chapa, kaminibasi kaja, kukamusamalira m'chikuta, monga amayi anga anandichitira ine. Ndimathokoza Mulungu mpaka lero, chifukwa mayi ndi khanda onse anatuluka bwino. Koma za nyumba imene ija, ndikazikumbuka fungo lake limandibwererabe m'mphuno.

Linali dzinja. Kwathu kumapiri mvula ikagwa kumazizira, koma ku Moatize ikagwa kumakhala ngati wina wavundikira mphika uli pamoto. Ndiye fumbi la malasha silidziwa dzinja. Dzuwa likangowala theka la tsiku, magalimoto akumina akadutsa, kapu imene watsuka m'mawa umaipeza yada m'kati. Ndinati ayi, chifuwa cha mdzukulu wanga sichimeza zimenezi. Ndinatseka majanela onse, mazenera aja, ndinanyika makapulana, zitenje zathu zija, m'madzi nkuwapachika pamenepo kuti azigwira fumbi. Pansi ndinkawaza madzi katatu patsiku. Matewera ndinkayanika m'nyumba momwemo, poti panja ankabwerako ngati apukutira mbaula.

Pakona ya sala, chipinda chochezera, panali vazu yaikulu yofika m'bondo, ndipo m'menemo munali chomera cha masamba aatali, osongoka, amawangamawanga ngati khungu la njoka. Kumeneko amati esipada. Kwathu chimamera chokha m'miyala, tili ana tinkachisenda nkupota tizingwe. Koma ichi anapereka ndi asewere anga, amayi a mkamwini, pa tsiku la ukwati, akuti chimatchinga nyumba kwa anthu a maso oipa. Ine wonditchinga ndimamudziwa, ndipo korona yanga sichoka m'thumba, koma za eni nyumba sindinyoza.

Tsiku loyamba lomwelo mwana wanga anandichenjeza. “Amayi, icho musachigunde. Apongozi akabwera amayamba kuona icho asanandipatse moni ine. Tsamba limodzi litauma nsonga anandinena mwezi wathunthu kuti atsikana a ku Zóbuè sadziwa kusunga nyumba.”

Ndinati usade nkhawa, ndalima dimba zaka zonsezi.

Tsono kwathu madzi osambitsira khanda, mchombo usanagwe, sitimataya paliponse pamene anthu aponda. Timakathira patsinde pa nthochi kuseri kwa nyumba. Apa nthochi panalibe. Bwalo linali limodzi la mabanja angapo a lendi, ngalande imodzi, aliyense akulumpha pomwepo. Ndinaima ndi basiya ya madziwo m'manja, ndikuyang'ana uku ndi uku, maso nkugwera pa vazu ija. Ndinati nali dothi, nachi chomera, ndipo palibe phazi lifikapo. Ndinathira. M'mawa ndi madzulo ndinkathira, mwana wanga ali kuchipinda akuyamwitsa. Mchombo utagwa sindinasiye, dzanja linali litazolowera, komanso mumtima ndinkati ndikuchichitira chifundo. Chomera chanji chokana madzi?

Fungo linayamba sabata yachiwiri. Poyamba linali ngati la nsanza yoiwalika m'ndowa. Ndinaganizira mabuti a mkamwini, nsapato zake zakuntchito, ndinawanyamula ndi kamtengo nkuwaponya pakhonde. Iye anangowasiya pomwepo, mwana waulemu. Fungo osachoka. Ndinati khoswe wafera penapake, tinasuntha kama, tinasuntha matumba a ufa, khoswe osaoneka. Chimene tinapeza ndi nkhungu. Kuseri kwa kabati khoma linali labiriwira mpaka kuda, lonyowa ngati likutuluka thukuta. Nsapato za mwana wanga zopitira ku Misa zinali zitamera ubweya woyera. Buku langa la nyimbo masamba anamatana. Ndipo timantchentche tating'onoting'ono tinkazungulira m'sala, tikugwera m'tiyi, kena ndinakachotsa pakamwa pa khanda.

Lachinayi m'mawa ndikusesa, tsamba lalitali la esipada linangogwa lokha, phwa, pamapazi anga. Ndinawerama kuti ndiliimike. Chala changa chinalowa m'tsinde ngati m'papaya lowola, ndipo munatuluka madzi achikasu, onanda. Fungo limene linabuka pamenepo, Ambuye andikhululukire, ine ndinaonapo zambiri m'masiku othawa, koma apa ndinathamangira panja nditagwira pakamwa. Nditabwerera ndinakoka tsamba lina, linangozuka lopanda muzu. Pansi pake dothi linali phala lakuda la thovu la sopo, timphutsi toyera tikunyanyuka m'menemo. Masiku onsewo ndinkapemphera korona nditakhala pampando woyandikana ndi chinthu chimenecho, ndikupempha Mulungu andionetse kumene kwafera khoswe.

Mwana wanga anatuluka ndi khanda paphewa, anayang'ana, nkukhala pansi.

“Amayi, apongozi akubwera Lamulungu kudzaona mwana. Adzati ndachipha ndine, ndiponso nthawi yake ino ya khanda. Mukudziwa zimene adzanene.”

Ndinamuuza za madzi aja. Sanandikalipire, bola akanatero. Anangoti, “Tikagule china kumsika tiikemo.”

“Iwe, mayi amene uja amadziwa tsamba lililonse ngati zala zake. Ukawonjezera bodza pa zowolazi ndiye zinunkha kawiri.”

Mkamwini atabwera kuntchito anaima pakhomo, anamvetsera nkhani yonse ali chogwira chipewa, kenaka anafunsa mwaulemu wake uja, “Ndiye amayi, mabuti anga akhululukidwa? Alowe?”

Ndinaseka, manyazi ali tho. Iye ndiye anatifotokozera kuti kwa amayi ake chomerachi chimakhala pakhonde podutsa mphepo, amachithirira mwina kamodzi pamwezi, dzinja osachithirira nkomwe. Chimafuna mpweya wouma. Ngakhale ndikanapanda kuthira madzi a mwana, anatero, chinyezi chimene ndinatsekera m'nyumbamo chikanachidwalitsabe.

Tinagwetsa makapulana onyowa, tinatsegula majanela, mphepo nkulowa ndi fumbi lake lomwe. Kuchipinda kwa khanda kokha ndinapachika nsalu yopyapyala youma. Matewera anapita pakhonde, ndikumawakung'untha ndisanawapinde. Vazu tinaitulutsa awiri, ndipo kukhuthula ndinakhuthula ndekha, nditamanga duku pamphuno, poti zinali zanga. Amayi oyandikana nawo nyumba anatseka chitseko chawo, sindiwadandaula. Pa masamba onse aja atatu okha ndiwo anali olimba kumtunda. Mkamwini anadula kowolako ndi mpeni, tinawagoneka pamthunzi masiku awiri kuti mabala aume, nkuwazika mumchenga wouma m'vazu momwemo. Anaima mopendama, aafupi, ngati mano a nkhalamba.

Lamulungu ndinakawachingamira asewere pageti, asanafike pakhomo. Ndinawalandira thumba, ndinagwada pang'ono, moni tisanamalize nkomwe ndinati, “Asewere, esipada yanu ndaiwoletsa ndine. Mwana wanu sanaikhudze, anali m'chikuta.”

Ndi mayi wamtali, wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chinyungwe. Anapita molunjika pa vazu, anawerama, ananunkhiza, nkukwinya nkhope.

“Munkathiramo chiyani?”

Ndinanena zonse, za mchombo, za nthochi, za ngalande.

“Chimbudzi mulibe pano?”

“Chilipo, asewere. Koma madzi a mdzukulu wanu m'chimbudzi cha anthu onse, mtima unakana.”

Anandiyang'ana nkunena kuti, “Anthu a ku Zóbuè, mukapatsidwa mwala muuthiriranso kuti ukule.” Anasamba m'manja, analowa m'nyumba, ndipo kwa nthawi yoyamba, anatero mwana wanga pambuyo pake, anayamba ndi za iye, osati za chomera: “Wadzuka bwanji, mayi a mwana? Mkaka ukutuluka?” Za chomera sanamunenepo liwu limodzi, tsiku limenelo kapena masiku atatu amene anakhala. Zonse zinagwera ine, ndipo ndinazilandira ndi manja awiri, ndikuthokoza Mulungu mumtima.

Madzulo ake anazula masamba atatu aja, nkundiitana. Akuti vazu ikununkhabe, nditsukenso ndi phulusa ndi madzi otentha, ndiiyanike padzuwa masiku awiri. Ndinafuna kunena kuti ndatsuka kale kawiri. Ndinalowetsa mutu m'menemo kuti ndiwatsutse, ndipo ndinaudzutsa msanga. Ankanena zoona. Ndinapita kukapala phulusa.