Pepala la Njinga Pamaliro ku Chinsapo

Ntchito yogulitsa njinga zamoto ndinaipeza nditakhala pakhomo zaka ziwiri, dipuloma yanga ya zamalonda ikuchita nkhungu m'sutikesi pansi pa bedi ku Kawale. Sitoloyo inali kufupi ndi depoti ya mabasi, koma ntchito yathu sinali yokhala pakauntala ayi. Inali yoyenda m'masiteji a anyamata a kabaza, kuwanyengerera kuti aleke kuyendetsa njinga za eni ake, agule zawozawo kwa ife. Manejala anatilemba anthu awiri tsiku limodzi, ndipo ananena mosapsatira kuti ikatha miyezi itatu atsala ndi mmodzi.

Winayo anali bambo wa ku Chinsapo, kwawo ku Dedza, wamkulu pang'ono kwa ine. Anayamba ndi kabaza wa njinga yakapalasa, kenako anayendetsako yamoto ya munthu wina. Tsiku loyamba ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mtima wanga n'kukhala pansi. Nsapato zake zinali zodyeka mbali imodzi, ndipo fomu ya ntchito ankailemba atatulutsa lilime. Ine ndinali nditamanga tayi. Madzulo ake ndinauza mayi a kunyumba kuti ntchito ija ndi yanga kale, angokonzekera zosamukira nyumba ya magetsi akeake.

Sitolo inali ndi njinga imodzi yoti tiziyendera poonetsa makasitomala. Anaitenga mnzangayo. Ine ndinati ndimakonda minibasi chifukwa cha fumbi, koma zoona zake n'zakuti kuyendetsa njinga yamoto sindinkadziwa, ndipo sindinkaona chifukwa chophunzirira. Ndinali nditaloweza mphamvu ya injini iliyonse, kamwedwe ka mafuta, kukula kwa thanki, zonse pamtima ngati mavesi a Sande sukulu. Ndinkayenda ndi fayilo yodzaza mapepala a zithunzi za njinga, onyezimira bwino.

Ndikatsika minibasi ku Area 23, anyamata a pasiteji ankandithamangira. "Tipite, bwana? Kuti, bwana?" Mawu amenewo ankandikomera kwambiri. Ndinkaima patsogolo pawo n'kutsegula fayilo, iwo n'kumagwedeza mutu mwaulemu, aliyense n'kulandira pepala lake. Ndikabwerako mawa lake ndinkapeza mapepala aja akupukutira magalasi, ena atakulungira chinangwa. Komabe ndinkabwerera kunyumba ndili wokhutira kuti anthu akundipatsa ulemu.

Tsiku lina ndili m'minibasi ndinamuona mnzanga uja pasiteji ya ku Biwi. Anali atakhala pansi penipeni, miyendo tasa, akukunga tcheni cha njinga ya munthu wina, manja ali bii. Fayilo analibe. Anyamata anali atamuzungulira akuseka, wina akumunyemera chimanga chootcha, ndipo ndinamva wina akufuula kuti, "Alamu, mukamaliza muonenso yangayi!" Ndinaseka ndekha kuti sitolo yalemba makaniko waulere.

Mwezi woyamba utatha, iye anali atagulitsa njinga, ine ndisanagulitse ngakhale galasi. Mwezi wachiwiri ndinagulitsa imodzi, ndipo ndisaname, anagula ndi malume anga, mkulu wampingo amene ankafuna yoyendera kumunda. Anandiuza pamaso kuti agula chifukwa cha malemu mayi anga.

Nsanje inandigwira ngati malungo. Pamsonkhano wa Lolemba lililonse kafoni kake kakang'ono, komanga ndi mphira kumbuyo, kankangolira osapuma, iye n'kumapepesa uku akutuluka panja kukayankha. Yanga yaikulu ija inkakhala duu patebulo. Ndinkachita kuiyatsa kuti ndione ngati netiweki ilipo. Ndinayamba kudana ndi kaseweretsedwe kake ka makiyi pachala, kuseka kwake kotulutsa usinini, ngakhale moni wake. Tsiku lina anandibweretsera mapepala atsopano kunyumba, ndipo atachoka mayi a kunyumba anangoti, "Mnzanuyo ndi munthu, eti?" Tsiku limenelo ndinadya pang'ono, n'kunamizira m'mimba.

Ndinakadandaula kwa manejala kuti anandipatsa madera oipa, kuti ku Area 23 ndi ku Kawale kulibe ogula. Manejala anati tisinthane. Mnzanga uja anavomera akumwetulira, ngati ndamupempha machesi. Pasanathe masabata awiri, anyamata omwe aja opukutira magalasi mapepala anga anali atayamba kugula kwa iye. Ku Chinsapo, kumene tsopano kunali kwanga, ankandilandira bwino, kundipatsa pokhala, kenako n'kunena kuti, "Tamva bwana, koma tidikire alamu kaye."

Kumeneko kunali gulu la pasiteji ina limene linali litagwirizana zogula njinga zitatu nthawi imodzi. Zonse zinkadikira mawu a tcheyamani wawo. Ndinadziwa kuti ndikapeza zitatu zimenezo m'sabata yomaliza, manejala aganiza kawiri. Loweruka m'mawa ndinasita malaya, ndinamanga tayi, ndinakwera minibasi ziwiri mpaka ndinafika.

Pasiteji panalibe njinga ngakhale imodzi. Mayi wina wogulitsa tomato anandiuza kuti onse ali kunyumba kwa tcheyamani, mayi ake anatisiya Lachinayi, maliro aikidwa lero. Munthu wabwinobwino akanabwerera. Ine ndinakulira ku Kawale, ndayenda m'maliro kuyambira ndili mwana, palibe chimene sindinkachidziwa. Koma m'mutu mwanga munabwera zinthu ziwiri zokha: choyamba, kuti ogula onse ali pamalo amodzi, chachiwiri, kuti mnzanga uja ali komweko.

Ndinayenda wapansi kutsatira masamba amene anaika pamsewu. Njinga zinali zitandandalikidwa m'mbali mwa mpanda wa udzu, zonse zozimitsa, zipewa zili pamahandulo. Amayi a chigwirizano ankaimba m'nyumba ya siwa. Ndinakhala pabenchi kumbali ya abambo, fayilo ili pamiyendo, ndipo sipanatenge nthawi ndinamuona mnzanga uja. Ankachokera kumanda ndi adzukulu, thalauza lili lofiira ndi dothi. Asanapume, amayi a kumoto anamuitana kuti akatenge mtolo wa nkhuni, ndipo anakankha njinga ya sitolo mpaka kutali asanailize. Aliyense ankamutuma ngati mwana wa pakhomo. Ndikuchita manyazi kunena, koma nyimbo za maliro zili mkati, ine ndinkapsa mtima kuti ine palibe akundituma.

Anthu atayamba kupita mmodzimmodzi kukagwira dzanja anamfedwa, ndinasolola pepala limodzi m'fayilo, ndinalipinda kanayi mpaka linakwana m'chikhatho. Ndinkati ndingomupatsira mwakachetechete tcheyamaniyo, adzaliona maliro akatha, akumbukire kuti ndinabwera. Ndinagwada, ndinati pepani, ndipo pogwirana chanza ndinamusiyira kapepala kaja m'manja.

Chimene sindinaganize n'chakuti chipepeso chimaperekedwanso chomwecho, chopinda, chobisa m'chikhatho. Tcheyamani sanayang'ane n'komwe. Anathokoza, n'kupatsira bambo wina wachikulire amene ankalandira zipepeso pambali pake. Bamboyo anafunyulula pang'onopang'ono anthu onse akuona. Panatuluka njinga yofiira, yonyezimira, ndi mawu akuluakulu oti mwayi ndi uno musachedwe.

Bambo uja anatembenuza pepalalo kuti aone ngati kumbuyo kuli kanthu, kenako analibweza kwa mwini maliro. Tcheyamani analiyang'ana nthawi yaitali, maso ali ofiira ndi kusagona, kenako anayang'ana tayi yanga.

"Bwana," anatero motsitsa mawu, "kapena mwasochera? Tikupezereni mnyamata akubwezeni kutauni?"

Apo m'pamene ndinalimva bwino liwu lija. Miyezi itatu yonse ndinkayesa akundikweza. Kwa munthu wa kabaza, bwana ndi aliyense wokhala kumbuyo, amene umamunyamula, kukamutsitsa, n'kumuiwala. Anyamata ena anali atayamba kung'ung'udza, mmodzi ataimirira kale.

Mnzanga uja anatulukira kumbuyo kwanga, khungwa la nkhuni lili paphewa. Anagwada pafupi nane n'kundigwira pamkono.

"Pepani alamu, cholakwa n'changa," anatero kwa tcheyamani. "Awa ndi anzanga a kuntchito, ndine ndinawauza za zovutazi. Abwera mothamanga, asokoneza mapepala m'thumba. Chimene anakonza anandisungitsa ine, ndi ichi."

Anapisa m'thumba la thalauza lake la dothi lija, natulutsa kanthu kopinda n'kupereka ndi manja awiri kwa bambo wachikulire uja. Pepala la njinga analitenga n'kuliika m'malaya. Sindikudziwa ngati alipo anakhulupirira, koma woimirira uja anakhala pansi, ndipo wina anandisunthira malo pabenchi. Ndinaperekeza maliro mpaka kumanda, fayilo ili kukhwapa, ndikusowa pomwe ndingaitaye.

Pobwerera ananditenga panjinga ya sitolo. Sindinamugwire m'chiuno. Ndinagwira chitsulo cha kumbuyo njira yonse, mabampu akundiwinda, chifukwa mtima sunkalola kuti ndimukhudze. Iye ankangokamba za maenje a mumsewu ndi za mvula imene yachedwa. Titafika pageti ku Kawale anazimitsa injini.

"Achimwene, mawa mukaweruka kutchalitchi mubwere pagalaundi ya sukulu, ndikuphunzitseni kuyendetsa," anatero. "Si zovuta. Anyamata aja zimawavuta kugula njinga kwa munthu amene amamunyamula."

Sindinapite. Lolemba manejala anatiitana tonse awiri, n'kunena zimene aliyense ankadziwa kale, kuti atsala ndi iyeyo. Ananenanso kuti tcheyamani wa ku Chinsapo anaimba foni kuthokoza sitolo chifukwa chotumiza anthu awiri kumaliro, ndipo anandilonjeza kalata yabwino yofunsira ntchito kwina. Ndinayang'ana mnzanga uja kudikira kuti aseke, kapena atsinzine diso, kapena aulule. Iye ankangoyang'ana pansi.

Ndinadikira miyezi kuti nkhaniyo indipeze kuchokera kwa wina, kuti ndidziwe kuti anaifalitsa, ndipeze pomudera bwinobwino. Sinabwere. Ngakhale mayi a kunyumba aimva kwa ine chaka chino. Za ntchitoyo ndinaziiwala, ndinapeza ina ya muofesi ku Kanengo ndipo ndikukhala bwino. Koma zoti munthu amene ndinapita kukamulanda chakudya anagwada pamaso pa anthu chifukwa cha ine n'kundinamira bodza londipulumutsa, osaganiza kawiri, pamene ine sindikanatha kumuchitira zimenezo ngakhale atandipatsa sabata yoganizira, mpaka lero sindinamukhululukire.