Mayi Anga Alibe Pepala

Lachiwiri masana ndinaima pa manda a mayi anga ku Malama, foni n'kundiuza kuti ndaima pamalo popanda kanthu.

Foniyo inali ya Tisauke, mwana wa mlongo wanga. Ndi loya, koma osati wa milandu ya mbuzi. Amaimira boma likasumiridwa ndi makampani akunja, m'makhoti akutali komwe oweruza atatu amagamula za dziko lomwe sanalipondepo.

Nkhani yake ili chonchi. Kale kampani ina inapatsidwa malo m'mbali mwa mtsinje, pepala n'kunena kuti malire ndi madzi. Koma mvula ya masiku ano yapenga. Chigumula chitabwera, mtsinje unasiya njira yake n'kukadzera kuseri kwa manda athu. Tsopano kampani ikuti zonse za tsidya lake n'zake, ndipo pamapu ake, amene Tisauke anandionetsa pafoniyo, manda palibe. Boma lakana, ndiye lasumiridwa. Likagonja, aika mpanda, ife kwa mayi sitidzafikakonso.

Kumandako kunali zii. Njira yakale ya mtsinje inangoti mbee mchenga, popanda ndi mbalame yomwe.

"Amalume, tchulani maina onse, ndijambule mawu," anatero Tisauke.

Ndinayamba kutchula, mtumbira ndi mtumbira. Ndikatchula dzina, Tisauke ankadikira pang'ono, ngati mwini wake avomera. Pofika pa dzina lachisanu ndinaima kaye. Ndinaopa, sindikubisani.

"Nanga setifiketi ya ambuya ilipo?"

"Ya chiyani?"

"Yoti anamwalira, ndi kuti ali pano."

Ndinamulozera mtengo wa tsanya umene uli pa mtumbira wa mayi. Ife kuno timasunga akufa athu ndi mitengo ndi pamtima. Ndani mwa inu anafunsapo risiti ya maliro? Utsi wosokoneza mvula ukufukira kutali, mlandu ukuweruzidwira kutali, koma mtsinje ukusunthira pakhomo pathu. M'khotimo muli mpando wa kampani ndi wa boma basi. Wa ife mulibe, nanji wa akufa.

Tisauke anazimitsa foni, maso ali pansi. Mwana uyu ambuya ake anamubereka kumbuyo mpaka miyendo kukwekwera.

"Ndiyesetsa, amalume. Koma kuja, munthu wopanda pepala amatengedwa ngati sanakhaleko."

Chibwerereni, mawu amenewa akundisowetsa mtendere. Oweruza aja akadzagamula kuti pansi pa tsanya uja palibe munthu, ine ndidzati ndinabadwa kwa yani?