Botolo la Pansi pa Bedi

Mpaka lero fungo la phulusa limandibwezera ku Makause, dera la zisakasa ku Germiston ku Joni, m'kanyumba kathu ka malata, kumene mphepo inkatibweretsera fumbi lachikasu la m'migodi yakale. Pansi pa bedi la amayi panali botolo la jamu lodzaza chimanga chamakolo, chothiridwa phulusa kuti anankafumbwe asachiboole. Agogo anawapatsa ku Ntcheu tsiku lomwe tinkakwera basi ya ku Joni, ine ndili ndi zaka zinayi. Amayi ankati adzachidzala tikadzabwerera kumudzi. Botolo limeneli sitinkaligwira.

Dzinja limene ndinakwanitsa zaka khumi, sukulu inkatitengera ku famu ina kupitirira Benoni Lachisanu lililonse. Mwini wake, Mayi Dlamini, ankavala jombo zong'ambika ndipo ankanunkhira manyowa. Anatiphunzitsa kuphimbira nthaka ndi mapesi m'malo mowaotcha, kuwoletsa zitosi za nkhuku, ndi kusunga mbewu yathuyathu. Tsiku lina anati aliyense abweretse mbewu ya kwawo. Anzanga ankangodziwa ya m'mapaketi, ndiye kamtima kofuna kutchuka kanandigwira. Amayi atapita kukachapira azungu ku Primrose, ndinakhuthulira botolo lonse m'sokosi.

Mayi Dlamini analuma njere imodzi n'kupukusa mutu. "Yakalamba iyi," anatero m'Chizulu. "Chaka china chimodzi ikanafa yonse." Tinadzala mizere itatu, koma zinamera zisanu ndi ziwiri zokha.

Amayi atapeza botolo lili pululu ndinayembekeza lamba. Sanandimenye. Anangofunsa kuti, "Iwe Tadala, wakadzala m'dothi la eni?" Anatha sabata akundiyankha ndi mutu basi, ndipo zimenezi zinandipweteka kuposa lamba.

Kuyambira pamenepo basi ikaima pa famu ndinkathamangira ku mapesi angawo. Ndinkatola mbozi ndi manja, n'kuwonjezera udzu wouma m'tsinde. Matalala a mu Januwale anathyola awiri, ndipo ndinalira anzanga akuona. Ndinkadziwa kuti otsalawo akafa, chimanga cha agogo chathera m'manja mwanga.

Chitauma, makolo anaitanidwa ku famu. Amayi anabwera atavala chitenje chawo cha kutchalitchi. Anasenda chimanga chimodzi, anakanikiza njere ndi chikhadabo, n'kuchinunkhiza nthawi yaitali. Kenako anagumula za kunsonga ndi za kutsinde n'kuziika padera, monga amachitira kwathu posankha mbewu. Za pakatizo sanaziike m'botolo, ngakhale anali atabwera nalo m'chikwama. Anazithira m'manja mwa Mayi Dlamini.

"Mudzale chaka chamawa," anatero amayi m'Chizulu chawo chothyokathyoka. "Tidzabwera kudzapalira."

Ine ndinasangalala kuti mlandu wanga watha, ndipo m'takisi ndinagona tulo. Amayi akadali ku Germiston mpaka pano, tsitsi lonse mbuu. Ndinachita kukula kuti ndimve zimene anavomera tsiku lija ponena kuti chaka chamawa: kuti kumudzi sitibwereranso.