Kamwana kamwala m'maluwa a mzungu

Dzulo ndinatsamira khoma la matailosi ozizira kuchipatala, thupi lonse linachita tsemwe. Ndinakumbuka kamwana kamwala.

Tili ana, amayi ankagulitsa chambo kunyumba ya mzungu wina ku Senga Bay. M'maluwa munaima kamwana koyera mbee, kamaliseche, kamapiko, uta uli m'manja, maso oyera okhaokha. Wolima maluwa anatiuza kuti, "Ameneyu ankagwiragwira zinthu za bwana, ndiye anauma."

Ndisanamuletse, mlongo wanga wamng'ono Yusufu anasisita kaphazi ka kamwanako.

Ndinamubereka n'kuthawa. Kumsanaku ankangolemererabe. Njira yonse ndinkamutsina ntchafu kuti ndimve ngati ikadali yofewa.

"Achemwali, mukundipweteka!"

"Lira, Yusufu, lira! Ukangosiya, wauma!"

Ndinamva nditakula kuti kanali kamulungu kachikondi ka Aroma akale. Kaya. Koma mlongo wangayo sindinamukondepo ngati tsiku limenelo.