Tsiku Limene Ababa Anazimitsa Injini

Linali Lachitatu, pakati pa mwezi wa Febuluwale, chaka chimene ndinali Fomu 2. M'mawa umenewo ndinakhala pakhonde kusoka magolovesi a ababa. Waya wa winchi, chopukusira chokokera magalimoto, ndi wakale, wothothoka, ndipo timinga take timaboola chikopa mpaka kufika pamnofu. Ndinkasokera ulusi wa thumba la feteleza chifukwa wa zovala sunkatha tsiku. Yunifolomu sindinavale. Ndinamanga chitenje cha amayi, kudikira kuti tipite kumaliro.

Ababa amayendetsa bulekidauni, galimoto yokoka magalimoto anzake akafa panjira kapena akachita ngozi. Si yawo. Mwini wake amakhala ku Limbe ndipo timangomudziwira pafoni, koma galimotoyo imagona pakhomo pathu. Kumbuyo kwake kuli mkono wachitsulo wokwezera, winchi yopukusa ndi manja, matcheni, ndi ngowe imene ine sindingainyamule ndi dzanja limodzi. Pali tenti yobiriwira yopindidwa bwino pansi pa jeki. Imeneyo ababa amafunditsa galimoto imene mwafera munthu, kuti ana a m'njira asamasuzumire. Anali ndi lamulo linanso lawolawo: galimoto yotero saidutsitsa pakhomo pa anamfedwa, ngakhale njira yolambalala italike bwanji.

Chaka chimenecho sitata, kachipangizo kolizira injini, inafa mvula itangoyamba. Mwini galimoto ankangoti mawa, mawa. Choncho ababa ankaiimika potsetsereka, pafupi ndi mtengo wa mango, mphuno itayang'ana kumunsi. M'mawa uliwonse ine ndi amayi tinkachotsa miyala kumatayala n'kukankha, ababa n'kugwetsa giya, galimoto n'kutsokomola mpaka kulira. Ikalira choncho sankaizimitsa mpaka madzulo. Ngakhale akamadya tchipisi pa Boma, injini inkangogunda pambali pawo, anthu n'kumaseka kuti akudyetsa awiri.

Amene anamwalirawo anali amayi ake a mnzanga wa padesiki. Lolemba madzulo ankachokera cha ku Mauwa kopikula tomato woti akagulitse ku Limbe. Minibasi imene anakwera inaterereka pakona n'kugubuduzika, patangotsala pang'ono kuti atsike. Ena anavulala, koma anatisiya ndi iwo okha.

Mnzangayo ndi yekhayo amene ndinali naye pasukulu. Ine pakamwa m'polemera. Aphunzitsi akandiloza, yankho limene ndikulidziwa limakakamira pakhosi. Iye ankandigunyuza ndi chigongono mpaka lituluke. Anyamata a kumbuyo akamandinena kuti kwathu timapempherera ngozi kuti tidye, ndi iye amene ankatembenuka. “Nanga galimoto ya abambo ako ikagwera m'ngalande, udzaikoka ndi mano akutalikawo?” Atatero ankapitiriza kulemba ngati sananene kanthu. Ndinkaopa kuti tsiku lina adzaona zimene anyamatawo ankaona.

Lachiwiri mvula inagwa tsiku lonse, ndipo pamalo a ngozi panali pofewa moti bulekidauni ikanatitimira. Lachitatu m'mawa, ndili pakati posoka, apolisi anaimba. Anati minibasi ichoke lero, ipite ku Boma, chifukwa yatchinga malole ndipo akuba ayamba kale kuisolola batire. Ababa ataika foni m'thumba, amayi anatuluka m'khitchini.

“Mudzera kuti nayo?”

“Njira yatsala imodzi. Mlatho wa kumtsinje unapita ndi madzi.”

“Ndiye kuti mudutsa pasiwa.”

“Ndidikira apite kumanda. Dzuwa likapendeka pakhomo padzakhala agalu okha.”

“Mukadikiredi, bambo.”

Ndinawapatsa magolovesi. Anawavala, kufumbata zala, n'kunena kuti, “Telala wanga uyu.” Tinakankha, galimoto inalira, anapita.

Pakhomo pa maliro pali m'mphepete mwa msewu weniweni, ndipo msewuwo pamenepo ndi wopapatiza, chimanga uku ndi uku. Anali atayala masamba aawisi pamsewu, kumtunda ndi kumunsi. Aliyense amadziwa zochita akafika pa masamba: wa njinga amatsika n'kuikankha, wa chipewa amavula, wa galimoto amatseka wailesi n'kuyenda ngati akuponda mazira. Azibambo anakhala pansi pa mtengo, azimayi m'nyumba ndi pakhonde. Ndinakwawa pakati pa miyendo ya anthu mpaka ndinakafika kumbuyo kwa mnzanga. Ndinangogunditsa phazi langa ku lake, ndipo iye sanalichotse. Maso ake anali ouma, ofiira ngati a munthu amene wakhala pautsi.

Nthawi yonyamuka inakwana, koma sitinanyamuke. Kunabwera uthenga woti adzukulu apeza madzi m'manda ndipo ayamba kukumba pena. Akwaya anabwereza nyimbo zimene anali ataimba kale. Akatekisiti anayambitsa kolona wina. Ine ndinkayang'ana mthunzi wa nyumba ukutalika pabwalo, ndikukumbukira kuti ababa sankadziwa za madziwo.

Bulekidauni ndinaimva ili kutali, anthu ena onse asanaimve. Injini imeneyo ndimaidziwa ngati chifuwa cha munthu wa m'nyumba mwathu. Pansi pa kulira kwake panali phokoso lina, gu, gu, gu, la tayala lopindika la minibasi likugunda pansi. Inatulukira pakona pang'onopang'ono, minibasi itakwezedwa mphuno, yofunditsidwa tenti, ikuyenda chammbali ngati nkhanu. Ababa anationa mochedwa. Pobwerera panalibe, ndi katundu wotero kumbuyo sungatembenuke pakati pa minda, ndipo kumene anachokera kunali chitunda cha matope. Anaima pa masamba oyamba.

Injini inkagunda mwamphamvu, utsi wakuda ukulowa pakati pa azibambo. Akwaya anayesa kukweza mawu, kenako anasiya mmodzimmodzi. Mitu yonse inatembenuka. Ndinawaona ababa kuseri kwa galasi, dzanja lili pa kiyi. Mumtima ndinkati, musazimitse, ababa, musazimitse, ingodutsani. Koma munthu sangakapemphe njira kwa anamfedwa chinthu chikubangula kumbuyo kwake. Anazimitsa.

Bata limene linagwa pamenepo anthu analitenga ngati ulemu. Amene tinkadziwa tanthauzo lake tinali atatu: ababa, amayi ndi ine. Pamalopo panali pathyathyathya.

Ababa anatsika, anavula chipewa ndi magolovesi, n'kupita kwa amalume ake a mnzanga, amene anali mwini zovuta. Ananjuta patsogolo pawo n'kuwomba m'manja mofatsa.

“Pepani, akulu. Ndimayesa mwanyamuka kale. Ndikupempha njira.”

Amalumewo anawayang'ana. “Masiku onsewa, achimwene, mwasankha lero?”

“Andituma ndi aboma. Sindinafune.”

“Dutsani msanga. Ana asaone.”

Ababa sanadzuke. Anatembenuza chipewa m'manja. “Akulu, galimotoyi siilira yokha. Imafuna kukankha.”

Panali mdzukulu wina amene anali atangofika kudzanena kuti manda atheka, matope mpaka m'mawondo, fungo la kachasu likumutsogolera. Anaseka kamodzi, kuseka kopanda chimwemwe.

“Mwamva, anthuni? Atibweretsera chimene chapha mlongo wathu, ndiye akuti tichikankhenso. Madala, mukanangobwera nacho m'nyumba chidzaone nkhope.”

“Khala chete, iwe,” anatero amalume. Kenako anatembenukira kwa ababa. “Palibe agwire chimenecho maliro ali m'nyumba. Chikhale pomwepo.”

Ndipo chinakhaladi pomwepo, pakati pa msewu wopita kumanda.

Bokosi litatuluka, azimayi anayamba kulira mokweza, ndipo tonse tinaimirira. Njira yodutsa inali kampata pakati pa galimoto ziwirizo ndi chimanga. Onyamula anachita kupendeketsa bokosi, awiri akuponda m'mizere, mapesi akuthyoka. Ababa anaima kumbali, mutu uli pansi. Phewa la munthu wina linakola chingwe cha tenti, ngodya imodzi n'kugwa. Palibe anachita dala.

Mbali imeneyo ya minibasi inalibe galasi ngakhale limodzi. Mipando inali itapindikira kutsogolo. Pansi ponse panali tomato wophwanyika, wayamba kuwola, ntchentche zili ng'waa, ndipo mayi wina anakuwa poyesa kuti ndi magazi. Pakati pa mipando panapanikizika beseni la buluu, lomangidwa waya pamene linang'ambika kale. Beseni limenelo ndinalidziwa. Ndinadyapo mango ochokera m'menemo kangapo konse tikaweruka.

Mnzanga ankayenda patsogolo panga, atagwiridwa mkono ndi azakhali ake. Anaima. Anthu a kumbuyo anatiunjikira, koma iye sanasunthe.

“Beseni la amayi,” anatero, osauza munthu.

Ababa anathamangira kukakweza tenti. Mfundo inawakanika kawiri. Mnzanga anawayang'ana, kenako anatembenuka n'kundiyang'ana ine. Sanakweze mawu.

“Uwauze ababa ako achotse chinthu chawocho.”

Chinthu chawo. Ndinatsegula pakamwa, koma panalibe wondigunyuza ndi chigongono. Azakhali ake anamukoka, anapita.

Kumanda ndinaima kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi ana. Sindinamve zimene akatekisiti ananena. Ndinkangomva kutali kulira kwa winchi, kwe, kwe, kwe, ndipo ndinadziwa kuti ababa akutsitsa minibasi okha, kuti amasule matcheni, bulekidauni ipepuke. Anthu akanatha kukankha galimoto imodzi, osati ziwiri.

Titabwerako, azibambo anasamba m'manja pa ndowa ya pakhomo. Ambiri anadutsa ababa ngati chitsa. Kenako anayi kapena asanu anabwerera okha, osaitanidwa, n'kuika mapewa kumbuyo kwa bulekidauni. Mdzukulu uja anali pakati pawo.

“Ikani giya thu, madala, osati wani,” anatero. “Tisafere pano tonse.”

Anakankha m'matope, mapazi akuterereka. Ulendo woyamba inangotsokomola. Wachiwiri inalira. Ababa anabwerera chambuyo, anagwada m'matope kukola matcheni pansi pa minibasi, n'kuyamba kupukusa winchi, anamfedwa onse akudya pabwalo moyang'ana kumbali. Ntchito imene masiku onse ndinkaikonda kuonerera, mmene mphuno ya galimoto imanyamukira pang'onopang'ono ngati ng'ombe ikudzuka, tsiku limenelo inatalika ngati sidzatha. Mnzanga anali atalowa m'nyumba. Ndinakhala pakhonde mpaka amayi anandikodola, koma sanatulukenso.

Ababa anafika kunyumba dzuwa likulowa. Anaimika galimoto potsetsereka, anaika miyala kumatayala, n'kukhala pa chitsa osalowa m'nyumba. Golovesi la kumanja linali litang'ambikanso, pambali pa msoko wanga, ndipo pachikhatho panali mzere wa magazi ouma. Ndinabweretsa madzi ofunda ndi mchere. Ananditambasulira dzanja osandiyang'ana.

“Ndikanangodutsa,” anatero.

“Akanakunenani kuti mulibe mwambo,” anayankha amayi ali pakhomo la khitchini.

“Ndiye panopa akunena chiyani?”

Ndinapukuta chilondacho ndi kansalu, ndikusamala kuti ndisachitsegule.

“Ababa, beseni lija lili kuti?” ndinawafunsa.

“Lili momwemo, mayi. Ku polisi.”

“Simungakalitenge?”

Anapukusa mutu. “Chilichonse cha m'galimoto ya ngozi chimatuluka ndi chilolezo cha apolisi. Ndipo ine ndikakapempha, mawa mumva kuti wa bulekidauni wayamba kutola za akufa. Chiyambireni ntchitoyi sindinatengepo ngakhale chipewa.”

“Nanga achibale?”

“Achibale angathe. Koma ndani wa pakhomo paja afuna kuionanso galimoto ija?”

Ndinataya madziwo kuseri kwa nyumba n'kukakhala pamphasa ndi kabuku kanga kamene ndimalembamo za tsiku. Ndinalemba tsiku ndi mwezi, n'kukhala nthawi yaitali cholembera chili m'kamwa. Ndinkaganiza za desiki yathu, kuti sabata yamawa mnzanga akadzabwerera kusukulu adzakhala pati. Ku Fomu 2 kunali desiki ina yopanda munthu pafupi ndi zenera. Akadzangokhala pamenepo tsiku limodzi, ndinadziwa kuti sindidzapeza mawu omubwezera, ndipo chaka chidzatha choncho.

Pa polisi ya pa Boma ndinali ndisanalowepo. Ndikamadutsa pamenepo ndinkawolokera tsidya lina la msewu. Komabe pansi pa tsikulo ndinalemba chinthu chimodzi chokha, kuti ndisadzadzinamize kukacha: mawa, tikakankha galimoto, ndivala yunifolomu, ndipita ku Boma wapansi, ndikagwada pa kauntala n'kunena ndi pakamwa panga kuti ndabwerera beseni la amayi ake a mnzanga. Akakandibweza ndikadikira panja mpaka andimvere. Akakandipatsa ndikalitsuka pa mjigo, tomato yense achoke, ndipo ndikalisenza ndekha mpaka pakhomo paja, masamba asanachotsedwe pamsewu.