Jekete langa latuluka, achemwali anga sanatuluke

Patebulo panga pali chithunzi, ndipo ndikachiyang'ana mutu umandiwawa. Pepala loyera mbee, pakati pake jekete. Jekete langa lakuda lija. Mabatani akuoneka onse, ngakhale lomwe ndinasokerera ndi ulusi wosiyana. Koma mwini jekete alibe nkhope, ndipo amene anaima pambali panga kulibiretu.

Amene anaima pambali pangayo ndi achemwali anga, a Esitere. Mwa ana onse a mayi athu tatsala awirife. Iwo anakwatiwa kutsidya kwa Chilwa, ku Mozambiki, ndipo sabata yatha anabwera pa bwato kudzaona mwana wawo Felesiya, amene amakhala kuno kwa Mwambo. Atangotsika anandiuza mosapsatira: "Achimwene, msanawu wandikana. Za bwatozi ndathera pompano."

Ine ndimasunga pepala lililonse. Malisiti a msonkho a malemu bambo athu ndili nawo. Makadi a ubatizo, timapepala ta sikelo ya mpunga wa ku sikimu ya Likangala, zonse zili m'sutikesi. Koma nkhope ya achemwali mulibe. Ndiye ndinaitana mwamuna wa Felesiya, Layitoni, amene amajambula maukwati ku Zomba ndi kamera yaikulu.

Iye anabwera ndi maganizo ake. "Amalume, tikaime pa ngalande. Ndikufuna madzi atuluke pachithunzi osalala ngati mkaka."

Ndinamufunsa kuti madziwo wawaitana ndani. Achemwali anaseka. "Musiyeni mwana, achimwene. Inunso milandu simutopa nayo?"

Tinakaima masanasana, dzuwa likuswa mtengo, achemwali atavala bulauzi yoyera ndi duku loyera. Layitoni anaimika kamera pamiyendo yake itatu, patali ndithu, nakuwa kuti tisagwedezeke. Tinauma ngati zitsa mpaka thukuta kulowa m'maso. Kenako anasuzumira kumbuyo kwa kamera, nati zatheka. M'mawa mwake achemwali anakwera bwato. Chithunzi chinabwera dzana.

Layitoni ndinamukhazika pansi kuti andifotokozere, pang'onopang'ono, ngati mwana wa sukulu.

Akuti kamera ili ndi kadiso koyeza kuwala. Ukakalozetsa pa chinthu chakuda, kamaganiza kuti kunja kwada, ndipo kamera imasiya chitseko chake chotsegula nthawi yaitali kuti kuwala kulowe kochuluka. Tsono madzi ake amkakawo amafunanso chitseko chochedwa kutseka. Alimi anzanga a mpunga mwamva kale: ukasiya madzi akulowa m'munda osatseka, mbande zimamira. Chithunzi chathu chinamira m'dzuwa. Chinapulumuka ndi chakuda chokha chimene kadisoko kanayeza.

"Wojambula anthu amayeza pati?" ndinafunsa.

"Pankhope, amalume."

"Nanga iwe unayezeranji pa jekete?"

Anayang'ana pansi. "Kamera imeneyi imakoka nkhope ya munthu mpaka pamphuno panga. Ndikanawayang'anitsitsa bwanji apongozi m'maso?"

"Nanga nkhope yangayi?"

"Inunso ndinu apongozi, amalume."

Mwamva? Koma chimene chinandiimitsa pampando ndi ichi: anaona pomwepo kuti chithunzi chayera. Anaona! Akuti pakamwa panamulemera kuuza apongozi kuti abwerere padzuwa chifukwa iye walakwitsa. Anaganiza kuti akakonza pa kompyuta. Koma pamene payera palibe chokonza, monga mmene sungakolole mpunga pamene mbande zinaola.

Musandimve molakwa. Ine mkamwini wopatuka panjira akaona apongozi, mpaka kuponda m'matope, ndimamulemekeza. Ndinapatukapo inenso, ndipo sindinafe. Mkamwini wolowa m'khitchini mwa apongozi akuimba mluzu sindimufuna pakhomo panga.

Koma ulemu umene ukuwononga ntchito ndi ulemu wanji?

Yang'anani m'midzi mwathumu. Telala amayeza apongozi ake ndi maso ataima kuseri kwa nkhokwe, diresi nkutuluka ngati thumba la feteleza, mayiwo nkumavala osadandaula. Mkamwini wina pano anaphunzira zachipatala, anthu amachokera kwa Kuntumanji kudzamufunsa nzeru, koma apongozi ake akutupa miyendo m'nyumba yoyandikana nayo, ndipo sangawafunse kuti pakuwawa ndi pati. Amatuma mkazi wake, mkaziyo nkubweretsa yankho lodukaduka. Akuluakulu anati manyazi anapha lambe. Ife timaunena mwambiwo pamaliro pokha, zitavuta kale.

Chondipsetsa mtima n'chakuti makolo athu sanatisiye opanda njira. Mkamwini akakhala nthawi, ana atabadwa, apongozi ankamupatsa kanthu, kaya nkhuku, nkumumasula kuti azilankhulana. Chiletso chinali ndi polowera ndi potulukira. Ife tasunga polowera pokha. Bwanji? Chifukwa kuopedwa kumakoma. Layitoni ali ndi ana akuluakulu, imvi zayamba, koma mpaka lero akamva chifuwa cha apongozi amathawira m'chinangwa.

Dzulo Felesiya anandiuza kuti chifikireni kwawo achemwali sanadzuke pamphasa. Ndiye ndagwira tambala wanga, ndamumanga miyendo. Bwato likapezeka tikuwoloka, ine ndi Layitoni ndi kamera yake. Tambalayo ndikamupereka m'manja mwa achemwali, iwo amupatse mkamwini wawo pamaso panga, kenako Layitoni ayandikire, awayang'ane pankhope, ayeze bwinobwino. Pamthunzi. Ndikungopempha Mulungu kuti tikawapeze akadatha kukhala tsonga.

Inu apongozi amene mukuwerenga izi, tandiuzeni. Mkamwini wanu ataona njoka kumbuyo kwanu, angakuwe, kapena angayambe wathamangira kukafuna mkazi wake kuti adzakuuzeni?