Mapepala a M'chipinda cha Amayi

Ndikamva fungo la pepala lonyowa, amandibwerera m'maso ndi aNambewe, mayi wamtali wa mawu aakulu amene tinayandikana nawo nyumba ku Golomoti. Ankalima mpunga ku Bwanje, zidendene zawo zinali zong'aluka ndi matope, ndipo anafe tinkawaopa chifukwa sankadziwa kunyengerera munthu.

Amayi anga anamwalira ndili wamng'ono, zipani zambiri zitangoyamba kumene. M'chipinda chawo anali atamata khoma lonse ndi nyuzipepala zakale ndi zithunzi za kampeni, za chipani chilichonse, pomatira phala la chinangwa. Kuwerenga sankadziwa, ankangofuna kuti dothi lisamayoyokere pamphasa. Atapita, ine ndinkagona momwemo n'kumayang'ana mapepala aja, ena ozondoka, poti zovala zawo zinali zitagawidwa ndipo chithunzi chawo panalibe.

Koma kuseri kwa mapepalawo kunaswana nsikidzi. Mlongo wanga wamng'ono anatuluka zilonda thupi lonse pokanda, ndipo bambo anakagula laimu ku Mtakataka n'kupempha aNambewe kuti adzamatule zonse.

Tsikulo aNambewe anandipeza nditaima pakhomo la chipinda, manja nditatambasula. Sanandikalipire, sanandisisitenso. Anatula ndowa ya madzi ofunda n'kundifunsa ngati ndikufuna kuti mwana adyedwe mpaka mafupa. Ine ndinangolira.

"Basi, ine sindikhudzapo," anatero. "Anamata ndi amako. Umatule ndiwe mwana wawo."

Anandionetsa kunyowetsa khoma ndi kansanza, kudikira kuti madzi alowerere, kenako kutukula pepala kuchokera m'munsi ndi supuni yakale. Ndikapupuluma, pepala linkachoka ndi dothi, iwo n'kundimenya pang'ono padzanja, amvekere louma silikokedwa, limapita ndi khoma. Eni ake anakhala pampando akununkhiza fodya, kumatswanya nsikidzi zothawa ndi chala, kwinaku akunyogodola nkhope za andale zimene zinkagwera m'ndowa, ati uyu anatilonjeza mjigo, lero madzi wawapeza yekha. Ndinaseka, koyamba chiikireni maliro.

Mapepala atatha, aNambewe anaimirira n'kuyang'anitsitsa khoma. Dothi limene amayi anazira linali ndi mizere ya zala, yokhota ngati uta, yonse yopendekera mbali imodzi.

"Taona, amako anali amanzere. Bwera, ika dzanja apa."

Zala zanga zinalowa m'mizere muja koma zinaperewera. Ndinaima pomwepo mpaka khoma linafunda m'dzanja langa.

Bambo atafika anati khoma liyambe lasalazidwa ndi dothi latsopano. ANambewe anawayankha kuti ngati akufuna losalala akaitane wina, ndipo bambo anangokanda m'mutu n'kutuluka. ANambewe anasungunula laimu wamadzimadzi n'kumupaka mopyapyala ndi mlaza wosinja kunsonga, moti litauma khoma linayera mbee, nsikidzi zinatha, koma zala za amayi zinkaonekabe. Sanalandire kanthu. Anangotsuka ndowa yawo n'kundiuza kuti ndikasambitse mwana.

ANambewe anatisiya kalekale, ndipo sindikudziwa ngati ndinawathokoza bwinobwino. Chaka chatha ndinaika mwamuna wanga m'manda. M'nyumba mwathu iye ankamata kalendala pamwamba pa inzake chaka ndi chaka, ndipo tsopano ana akufuna kupakamo penti. Ndavomera. Koma ndawauza kuti penti adzapaka iwo, kumatula ndimatula ndekha, ndipo asandifunse kuti nditsiriza liti.